Zala Zomwe Makina Anazikana

Mayi Idah Makwinja anayamba kuthyola tiyi ali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, pa esiteti yomwe ili kumunsi kwa mudzi wawo, kwa Nchilamwela. Chaka chomwe zinachitika izi anali atathyola zaka zoposa makumi awiri ndi zisanu, koma m'zaka zonsezo sanalembedwepo ntchito ya chaka chathunthu. Mvula ikagwa mu Disembala, tiyi akaphukira, dzina lawo linkaitanidwa pa geti la esiteti. Ikafika Meyi, kuzizira kukayamba, tiyi akagona, ankauzidwa kuti kapumuleni kaye, tidzakuitanani. Kupumula kwakeko kunali miyezi isanu ndi iwiri ya maganyu m'madimba a eni, kuphwanya miyala, kutungira madzi omanga nyumba, chilichonse chomwe chapezeka.

Anthu ambiri dzina loti Idah salidziwa n'komwe. Amawatchula amake Promise, potengera mwana wawo mmodzi yekhayo, yemwe anakwatiwa ku Luchenza. Amuna awo anamwalira Promise ali wamng'ono, ndipo iwo sanakwatiwenso. Ndi mayi wamfupi, woyenda mofulumira, wosachedwa pa moni. Khomo lawo linayandikana ndi la akulu awo, a Nancy, omwenso amathyola tiyi, ndipo pakamwa pawo sipatseka.

Panali ntchito imodzi yomwe a Idah ankaikonda kuposa kubereka dengu. Zaka zinayi anagwirako ku nazale ya esiteti, nakonso miyezi yowerengeka chabe pa chaka, komwe amaberekera mbande za tiyi. Kumeneko anaphunzira kudula timitengo tobzala, kamtengo kalikonse tsamba limodzi ndi kamfundo kake, n'kutizika m'machubu a dothi pansi pa mthunzi wa udzu. Anali ndi dzanja labwino. Mzere wozika iwo unkadziwika munthu akadali patali, chifukwa munalibe mipata ya mbande zakufa. Kenaka esiteti inachepetsa anthu ku nazaleko, iwo n'kubwerera ku dengu.

Yemwe sanaiwale dzanja limenelo ndi bambo Jonas, omwe ankayang'anira nazaleyo masiku amenewo. Bambowa anapeza ntchito ku Mozambique, pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Guruwe, komwe eni ake ankazula tiyi wakale n'kumabzala wina. Kumapeto kwa Januwale anaimba foni.

"Amake Promise, manja aja mudakali nawo?"

"Manja alipo, bambo Jonas. Ntchito ndiye imangobwera n'kumapita."

"Kuno akufuna munthu woti aphunzitse azimayi kuzika mbande. Ndatchula inu. Si ya miyezi isanu ayi, ndi ya chaka chonse, nyumba akupatsani. Chilomwe mumayankhula, ndiye simudzavutika ndi anthu. Koma mumve bwino. Akufuna munthu wolowera pa chipata cha malire. Mupeze pasipoti, ikatuluka munditumizire chithunzi chake pa foni, abwana akupemphereni chilolezo chogwirira ntchito. Timayamba kuzika kumayambiriro kwa Juni. Juni akakwana inu musanafike, malowo apatsa wina."

A Idah sananene kuti ndiganize kaye. Anangofunsa kuti pasipotiyo amakonzera pati.

Madzulo ake anauza abale awo pakhonde la a Nancy. Mlongo wawo wamng'ono, Everson, yemwe amayendetsa kabaza ku Luchenza, anaseka.

"Achemwali, pasipoti yopitira ku Mozambique? Anthu amawoloka pa Muloza tsiku lililonse kukagula nyemba ku Milanje, ndani amawafunsa pepala? Kuli njira za kumtsinje zambirimbiri. Ine ndikuperekezani, mawa lomwe mukagona ku Guruwe."

"Ngati momwe unagonera iwe?" anatero a Idah.

Everson anayang'ana pansi. Zaka zingapo m'mbuyomo iye analowera njira za kumtsinjezo n'kukagwira ntchito pa famu ina miyezi inayi. Tsiku lina kunabwera ofunsa mapepala. Anamukweza lole ndi anzake, n'kukawatsitsa pa malire ndi zovala za m'thupi zokha.

"Wokagula nyemba amabwerera tsiku lomwelo," anapitiriza a Idah. "Ine ndikukakhala. Sindikufuna kumathawira m'tiyi ndikamva galimoto. Ndakula."

Anagulitsa nkhumba yomwe ankaweta kuseri kwa nyumba, nasonkhanitsa mapepala onse ofunika. Chiphaso cha unzika anali nacho kale. Anasankha Lolemba lina pakati pa Febuluwale kuti apite ku Blantyre, ku ofesi yokonzera mapasipoti. Apa m'pomwe a Nancy anawagwira dzanja n'kulitembenuza.

Dzanja la munthu wothyola tiyi mu Febuluwale silibisika. Madzi a masamba amalowa m'khungu, chala chachikulu ndi cha mkombaphala zimada bii, m'mbali mwake n'kung'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe.

"Iwe, ukapita nazo zimenezi ku ofesi ya boma?" anafunsa a Nancy. "Paja amati kumeneko umaika zala pa galasi. Akakuona ngati wachokera kofukula mbatata. Akakubweza, ndikukuuza ine mkulu wako."

Kuno kuli njira yake yomwe mayi aliyense wa m'tiyi amaidziwa. Kukakhala ukwati, kapena ukasankhidwa kukagawa chakudya pa msonkhano wa mpingo, umatenga mwala uja wopalira mapazi, ndimu ndi phulusa, n'kupala zala mpaka kuda konse kuchoke. A Idah anachita zomwezo. Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu, akaweruka, ankakhala pa mjigo n'kumapala, a Nancy akuwafinyira ndimu. Pofika Lolemba m'mawa zala zinali zoyera, zosalala, nsonga zake zikunyezimira. A Nancy anaziyang'ana n'kunena kuti tsopano ndiye ndi zala za munthu wa pasipoti.

Ku ofesiko anaima pa mzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anawajambula chithunzi, anayankha mafunso onse, kenaka anafika pa tebulo la mayi wina wa magalasi, yemwe anali ndi kabokosi ka galasi lowala. Mayiyo anawauza kuti aike zala zinayi za kumanja. A Idah anaziika mosamala. Mayiyo anayang'ana pa kompyuta, nawauza kuti adinikize kwambiri. Anadinikiza. Anayesa za kumanzere, anayesa chala chimodzichimodzi, anapukuta galasi ndi kansalu, nayesanso. Kabokosiko kankangolira kamodzi n'kuyatsa kofiira.

"Amayi, mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimathyola tiyi, madamu, ku Thyolo."

"Tabwera nazoni kuno." Mayiyo anagwira dzanja lawo n'kuliyandikitsa kumaso. "Mwazitani zalazi?"

"Ndazitsuka ndithu. Masiku atatu, ndi mwala." A Idah anayankha mosakayika, poganiza kuti mwina penapake patsalira kuda.

Mayiyo anavula magalasi n'kupuma mozama. Sanawaseke. Anatambasula dzanja lake lomwe n'kuwaonetsa.

"Mukuona timizere iti tozungulira? Makinawa safuna ukhondo, amafuna timeneti. Munthu aliyense ali ndi take. Tanu tiyi anadya kale theka, ndiye mwala wanuwo wamaliza totsala. Zikanabwera zakuda zomwezo, mwina zina zikanawerengeka."

"Nanga pa chiphaso cha unzika paja zinatheka bwanji?"

"Munadinda mwezi wanji?"

A Idah anakumbukira kuti unali mwezi wozizira, tiyi atagona, iwo atakhala miyezi iwiri osagwira tsamba.

"Basi ndi chimenecho," anatero mayiyo. "Timizereti timamera. Koma muzipumitse zalazi mwezi wathunthu. Osathyola, osachapa, osakwecha mapoto ndi mchenga. Muzizidzola mafuta m'mawa ndi madzulo. Mapepala anuwa tisunga. Mukabwera musakaimenso pa mzere woyamba uja, mudzafikire pano."

Mu minibasi yobwerera a Idah anakhala pawindo, manja ali pamiyendo, akuwerenga miyezi mumtima. Mwezi wopumitsa zala uwafikitsa pakati pa Malichi. Pasipoti siituluka tsiku lomwelo. Chilolezo nachonso chili ndi nthawi yake. Akadikira kuti tiyi agone yekha mu Meyi, Juni awapeza alibe kanthu m'manja. Ndiye kuti kupumako kuyenera kuyamba mawa, mkatikati mwa nyengo yomwe tiyi amaphukira usana ndi usiku, nyengo yokhayo yomwe wothyola amadyapo bwino.

A Nancy atamva nkhaniyo anapukusa mutu. Kenaka anati, "Makina opusa. Munthu wasamba bwinobwino, iwo akufuna litsiro." Koma ndimu zomwe zinatsala anazitaya kudzala okha.

M'mawa mwake a Idah analawirira kwa kapitawo wawo, bambo Ephraim, omwe anali ataima pamphepete pa munda akugawa mizere. Anawafotokozera zonse, osabisa ndi za Guruwe zomwe.

"Mwezi, amake Promise? Mu Febuluwale?" Bambo Ephraim analoza mundawo ndi ndodo yawo yoyezera. "Taonani mmene wakwerera. Ndikusowa anthu, inu mukuti mwezi. Valani magolovesi."

"A Kapitawo, inu nomwe munatiletsa magolovesi. Masamba awiri ndi kansonga munthu amamva ndi khungu. Ndi magolovesi ndidzakubweretserani nkhuni m'dengu."

"Ndikuikeni kopalira ndiye."

"Mpini nawonso umadya zala."

Bambo Ephraim anakanda m'mutu. Si munthu woipa, ndipo a Idah anagwira nawo ntchito zaka zambiri.

"Lamulo mukulidziwa. Munthu wa nyengo akajomba masiku ochuluka chotero, dzina limachoka. Pa geti pali anthu odikira m'mawa uliwonse. Ndipo likachoka, Disembala ikubwerayi simuitanidwa ngati akale, mudzaima kumbuyo ndi atsikana oyamba kumene. Nanga ku Guruweko zikakanika? Mudzakhala mwataya kuno, mwataya uko."

"Ndaziganiza zonsezo mu minibasi."

"Ndiye mukuti bwanji?"

A Idah anamasula pulasitiki yomwe othyola amamanga m'chiuno kuti asanyowe ndi mame, anaipinda bwinobwino, naiika m'dengu. Dengulo analiika pamapazi pa bambo Ephraim.

"Lichotseni dzinalo, a Kapitawo. Malowo mumupatse wa pa geti, nayenso ali ndi ana."

Akafunsidwa lero, a Idah amati m'moyo mwawo sanagwirepo ntchito yovuta ngati ya mwezi umenewo. Munthu yemwe anazolowera kudzuka kusanache, tsopano ankakhala pakhonde, zala zitadzola mafuta, manja atavekedwa masokosi akale kuti fumbi lisamatire. Anzawo podutsa m'mawa ndi madengu kumsana ankawapatsa moni wa dala.

"Mwadzuka bwanji adona a ku Guruwe? Tiyi wanu tikubweretsereni m'kapu?"

"Muthire shuga wambiri," ankayankha iwo, koma kumaso kukutentha.

M'mudzi munayamba mphekesera. Ena ankati adwala matenda a khungu ndipo akubisa. Ena ankati analowa mpingo woletsa kugwira ntchito. Mayi wina wa kutchalitchi anabwera ndithu kudzawapempherera, n'kubwerera akuseka atamva chenicheni.

A Nancy ndi omwe ananyamula katundu yense. Akaweruka ku esiteti atatopa, ankachapa zovala za makomo awiri, kutsuka mbale za makomo awiri, pakamwa posaleka.

"Taona, nsalu yako ndikuchapa ine. Amayi athu akanadzuka akanati dziko latembenuka. Ukakafika ku Guruwe ukandigulire chitenje cha kumeneko, osati ziwiri za mtengo wotsika, chimodzi chenicheni."

"Paja mwala munabweretsa ndinu, achemwali."

"Ndiye ndikulipira apa. Khala chete, ungathyoke chala."

Chakudya chinachepa, poti dzanja lolandira malipiro linatsala limodzi. Anadalira maungu ndi chimanga chachiwisi cha m'kamunda kawo, komanso zomwe Promise ankatumiza kuchokera ku Luchenza. Kamundako kanamera udzu a Idah akuona. Koma chomwe chinkawavuta kwambiri chinali njira ya kutchalitchi, yomwe imadutsa pakati pa tiyi. Tsiku loyamba anangozindikira kuti dzanja lapita lokha, lathyola kale nsonga zitatu iwo akucheza ndi mnzawo. Kuchokera pamenepo, podutsa m'tiyi ankapinda manja n'kuwabisa m'khwapa, ngati munthu wozizidwa, dzuwa lili phwee.

Popeza makina anali ku Blantyre, anapanga njira yawoyawo yoonera. Lamulungu lililonse masana ankapaka chala mwaye wa kunsi kwa poto, n'kuchidinda pa pepala la kope lakale la Promise. Sabata yoyamba panatuluka madontho akuda okhaokha, ngati mapazi a mwana wa mphaka. Sabata yachiwiri zala zing'onozing'ono zinaonetsa timizere tochepa m'mbali. Yachitatu a Nancy anatenga pepalalo n'kupita nalo padzuwa.

"Timizere tikubwera, iwe. Taona aka kakuzungulira. Koma chachikulu cha kumanjachi ndi mnzake wa pambaliyu adakali mbuu."

Zinali zala ziwiri zomwe zinathyola kwambiri zaka zonse zija. A Idah anawonjezera sabata ina pamwamba pa mwezi uja, ngakhale masiku ankawathera. Anati kuli bwino kuchedwa sabata kusiyana n'kubwezedwa kachiwiri.

Anabwerera ku Blantyre kumapeto kwa Malichi. Ulendo uno sanakhudze sopo m'manja masiku awiri. Mayi wa magalasi uja anawazindikira asanafike n'komwe pa tebulo.

"A ku Thyolo aja. Mwala mwausiya kunyumba?"

"Uli kudzala, madamu."

Zala za kumanzere zinalowa ulendo umodzi, kabokosi n'kuyatsa kobiriwira. Za kumanja zitatu zinalowanso. Chachikulu chinakana. Anayesa kachiwiri, chinakana. A Idah anayamba kudinikiza ndi mphamvu zonse, mayi uja n'kuwaletsa.

"Ayi, musachiphwanye. Chipakeni pachipumi panu kaye, chitenge mafuta a khungu. Tsopano chigonekeni chabe, ngati mukugwira mwana wodwala."

Anachigoneka. Kabokosi kanakhala chete nthawi yaitali, kenaka kanayatsa kobiriwira. Chinatsala cha mkombaphala, chomwe chinali ndi chipsera cha mpeni wa ku nazale chodutsa pakati. Chimenecho anachiyesa kasanu. Anthu a pa mzere anayamba kung'ung'udza, bambo wina n'kunena mokweza kuti enafe tili ndi ntchito. Mayi wa magalasi anachipendeketsa chalacho pang'ono kuti mbali yosapsererayo igone pa galasi, nachigwira yekha. Kachisanu ndi chimodzi chinalowa.

"Basi, amayi. Tsopano kathyoleni mmene mungafunire."

"Kulibenso kothyola, madamu. Ndinasiya."

Mayiyo anawayang'ana pamwamba pa magalasi, nalemba kapepala, n'kuwauza kuti adikire uthenga pa foni.

Pasipoti inatuluka kumayambiriro kwa Meyi. Everson anaijambula ndi foni yake n'kutumiza kwa bambo Jonas tsiku lomwelo. Bambo Jonas anayankha kuti abwana apereka mapepala kwa oyenera, tsopano n'kudikira. A Idah anabwerera ku maganyu, poti zala zinali zitamaliza ntchito yake ku Blantyre. Meyi anatha. Tiyi anagona, a Nancy nawonso anauzidwa kuti akapumule. Juni analowa, chilolezo osatuluka.

Everson anabweranso ndi nzeru ina.

"Achemwali, pano ndiye n'kosavuta. Pasipoti muli nayo. Lowani pa chipata ngati mlendo wokaona abale, mukayambe ntchito mwakachetechete, chilolezo chikakupezani komweko. Ambiri amatero."

A Idah anaiganizira nzeruyo tsiku lathunthu, chifukwa sinali yopusa. Madzulo anamuyankha.

"Akandipeza ndikuzika mbande ndi chidindo cha mlendo, aiwononga pasipotiyi, ndipo abwana aja sadzafunanso kumva za munthu wa ku Malawi. Ndiye bambo Jonas ndawaika pati? Ndinakhala masabata asanu manja ali m'masokosi. Sindikalowa ndi bodza."

M'malo mwake anaimbira bambo Jonas. Bambowo sanabise. Anati machubu afika, azimayi khumi ndi awiri alembedwa, ndipo abwana ayamba kufunsa za munthu wina wa komweko, yemwe ntchitoyo saidziwa kwenikweni koma mapepala ake ndi osavuta.

"Mwayamba kuthira dothi m'machubu?" anafunsa a Idah.

"Tiyamba mawa."

"Dothi lake mwakonza liti?"

"Lakuda la pamwamba, lachonde bwino. Abwana asankha okha."

"Mukathira lakuda lokhalokha timitengo tiwolera m'chubu tisanatulutse mizu, inu mukudziwa zimenezo, bambo Jonas. Lakuda lipite pansi. Pamwamba, pomwe kamtengo kalowe, pakhale lofiira la pansi pa nthaka, losefa, lopanda manyowa. Ndipo machubu akadzaza si kuti muzike mawa lake. Athiriridwe, dothi likhazikike sabata imodzi kapena kuposa."

"Ndinawauza, koma iwo amati ine ndi woyang'anira anthu, za dothi ndizisiye."

"Apatseni foniyo."

Abwanawo Chichewa sankachidziwa, koma anali munthu wobadwira komweko, Chilomwe chinali cha kwawo. A Idah anayankhula nawo atakhala pa mtondo kuseri kwa nyumba. Anawafotokozera za dothi lofiira, za kutalika kwa mthunzi, za nthambi zoyenera kudulako timitengo, zosakhwima kwambiri komanso zosakhala zanthete. Abwanawo anafunsa mafunso ambiri, ena owayesa dala. Pomaliza a Idah anati, "Kudzaza machubu ndi kudikira dothi kukutengerani masiku khumi. Masiku amenewo simukundifuna ine. Mundidikire khumi okhawo. Akatha ndisanafike, mupatseni winayo, sindidzadandaula."

Abwanawo anavomera masiku khumi, osawonjezera.

Tsiku lililonse m'mawa a Idah ankaimba kufunsa mmene dothi likuonekera, n'kuuza bambo Jonas choti azimayi aja achite. Tsiku lachisanu ndi chimodzi bambo Jonas ndi omwe anayamba kuimba. Chilolezo chinali chitatuluka, ndipo anatumiza pepala lake pa foni ya Everson. Panatsala kupita nalo ku Blantyre, ku ofesi ya dziko la Mozambique, kuti akadinde m'pasipoti. Kumeneko kunadya masiku ena awiri, a Idah akugona kwa mnzawo wa kutchalitchi yemwe amakhala ku Bangwe.

Ananyamuka tsiku lachisanu ndi chinayi, ndi chikwama chimodzi ndi ndowa yodzaza ziwiya. Promise anawadikira pa siteji ya Luchenza ndi mwana kumsana kuti atsanzikane. A Nancy anakwera nawo minibasi mpaka ku Muloza, akudandaula njira yonse kuti mpando ukuwabaya.

Pa chipata cha ku Malawi sipanavute. Atawoloka mlatho, anafika pa zenera la mbali ya Mozambique. Anthu a malonda ankadutsa ndi njinga zawo zolemera matumba, ena osaima n'komwe. A Idah anaima. Bambo wa yunifolomu anatsegula pasipoti, anawerenga tsamba lodindidwalo nthawi yaitali, n'kuwafunsa kanthu m'Chipwitikizi. Ataona kuti sanamve, anayesa Chichewa cha pa malire.

"Mayi, mukudziwa zomwe zalembedwa apa? Chaka chimodzi chokha. Ndipo ndi esiteti imeneyi basi. Mukasiyana nawo, simungakalowe ntchito pena, mubwerera kwanu. Chaka chikatha, mapepala ayambirenso."

A Nancy, omwe anali ataima pambali ndi ndowa ija, anakoka mng'ono wawo nsalu.

"Wamva, iwe? Mavuto onse aja, chaka chimodzi?"

"Ndamva, achemwali." A Idah anatembenukira ku zenera. "Bwana, ine chiyambire sindinalembedwepo ntchito yopitirira miyezi isanu. Chaka ndi chambiri. Chikatha tidzayambiranso. Dindani."

Bamboyo anadinda, nawabwezera pasipoti. A Idah anaikulunga m'pulasitiki, anaiika m'kathumba ka mkati mwa bulauzi, nalandira ndowa kwa a Nancy n'kuisenza. Anafunsa mayi wina wogulitsa nthochi komwe magalimoto a ku Guruwe amaimira. Mayiyo analoza kumtunda, nati yomaliza imanyamuka ikangodzaza, ndipo yatsala pang'ono. A Idah anagwira ndowayo ndi dzanja limodzi n'kuyamba kuthamanga.